Chainsaw yakale ikamavuta kulira, yambani mwafunsa pulagi

Aliyense amene wagwirapo chainsaw yakale akuudziwa mmawa uja. Dzuwa langotuluka, chipika chili apo, anyamata osenza matabwa afika kale, koma makina akukana. Mwakoka chingwe kakhumi, mwawonjezera kakhumi kena, phewa layamba kuwawa, fungo la petulo lili guu, injini ili zii. Zikafika apa ambiri amapisa dzanja m'thumba, kutulutsa kasikuludilaiva, n'kuyamba kupotokola timasikulu ta pa kabuleta, chipangizo chija chosakaniza mafuta ndi mpweya. Ndikupempheni chinthu chimodzi: bwezani kasikuludilaivako m'thumba. Ngati makinawo amacheka bwinobwino sabata yatha, timasikuluto tili pamalo pomwe tinali, sitinadzizungulize tokha usiku. Chasintha ndi china, ndipo mukapotokola musanachipeze mumangochikwirira. Makina amalira ndithu, koma matenda ali mkati.

Injini ya chainsaw ndi ya two-stroke, yoyendera petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo zofuna zake n'zochepa: mafuta abwino ofika pa mlingo wake, mpweya, moto wa pa pulagi wobwera pa nthawi yake, ndi kompulesheni, mphamvu ija imakulimbirani mukamakoka chingwe. Kaya ndi Stihl 070 yolemera ija, 038 ndi mdzukulu wake MS 381, kaya Husqvarna 61, 268 kapena 272XP, zonse zimakana pa zifukwa zomwezi. Ntchito yanu ndi kupeza chimene chasowa, ndipo makinawo amanena okha mukawamvetsera. Amavuta akazizira kapena akatentha? Amatsokomola n'kuzima, kapena samveka n'komwe? Pulagi ikutuluka yonyowa kapena youma? Mayankho a mafunso atatuwa amadula theka la ulendo.

Tisanamasule chilichonse, tione kalizidwe. Sindikunyoza luso la munthu, koma makina ambiri amene amabwera kwa amakaniki akuti afa amakhala atangokhuta mafuta. Injini ikazizira, ikani buleki ya tcheni, khazikani makina pansi, phazi lamanja m'chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere ligwire chakutsogolo. Yatsani switchi, tsekani choke, kachitseko kochepetsa mpweya wolowa m'kabuleta. Ngati pali kavavu kochepetsera kompulesheni, kadineni. Kokani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti chingwe chagwira, kenako kokani mwamphamvu koma mosafikitsa kumapeto. Injini ikangotsokomola kamodzi, phu, ngakhale motsitsa chotani, tsegulani choke pomwepo n'kukokanso. Pa Stihl kalivala kamakwera sitepe imodzi. Pa Husqvarna mumakankhira choke mkati. Kutsokomola kumeneku n'kosavuta kukuphonya, makamaka pamene anzanu akuliza makina awo pafupi. Mukakuphonya n'kupitiriza kukoka katatu kapena kanayi choke ili chitsekere, mwaikhutitsa. Injini yotentha, yomwe mwangoizimitsa kuti muthire mafuta, siifuna choke ayi.

Kuliza makina mowaponya m'mwamba, dzanja lina pa chingwe, kumaoneka ngati ukatswiri koma n'kumene kumang'amba anthu ntchafu. Ndipo chokanipo pamalo pamene mwathirira petulo, mamita atatu kapena kuposa, musanakoke.

Pulagi ikunena chiyani

Mwakoka kakhumi, yakana. Masulani pulagi, muyang'ane kunsonga kwake. Ikakhala yonyowa, ikununkha petulo, mafuta akufika, mwinanso opitirira. Zimitsani switchi, tsegulani choke, finyani throttle, kalivala kokwezera liwiro, mpaka kumapeto, pendeketsani makina kuti bowo la pulagi liyang'ane pansi, n'kukoka chingwe kakhumi kapena ka 15. Muona nkhungu ya mafuta ikutuluka. Switchi ikhale yozima pa zifukwa ziwiri: nkhunguyo imayaka, komanso koyilo, kachipangizo kopanga moto wa pulagi, siikondwa kutulutsa moto wopanda kolowera. Pukutani pulagi, idikireni iume, bwezeretsani, yatsani switchi, ndipo lizani popanda choke, throttle ili pa theka. Iyamba mwa chibwibwi, ikufuka utsi wambiri, kenako iyera yokha. Ena amawamba pulagi pa machesi kuti iume msanga. Ngati mwasankha kutero, pitani nayo kutali ndi makina ndi chigubu.

Mtundu wa pulagi umanenanso mbiri ya masabata apitawo. Ya mtundu wa khofi wothira mkaka ndiye yabwino. Yakuda bii, ya mwaye kapena yonata, ikuti mafuta akuchuluka, oyilo wachuluka, kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka. Yoyera mbee ngati phulusa ndiyo yoopsa: injini ikulandira mafuta ochepa, ikutentha kwambiri, ndipo pisitoni ili pangozi. Makina ambiri amene ndatchulawa amagwiritsa pulagi za NGK BPMR7A, Bosch WSR6F kapena Champion RCJ7Y, ndipo mpata wa kunsonga ndi 0.5 mm. Pulagi yakale imadyeka, mpata umakula, moto n'kumavutika kudumpha. Khalani ndi ina yatsopano m'chikwama nthawi zonse, yogula pamalo odalirika, pakuti zachinyengo zilipo zambiri ndipo zina zimafa tsiku lomwelo. Palibe njira yachidule yoyesera pulagi yoposa kuikamo ina imene mukuidziwa kuti ndi yamoyo.

Pulagi ikatuluka youma gwa pambuyo pokoka kambiri choke ili yotseka, mafuta sakufika. Pali kayesedwe kamodzi kamene ndimakakonda chifukwa sikanama. Thirani timadontho ta petulo wosakaniza kale ndi oyilo, osafika theka la supuni yaing'ono, m'bowo la pulagi. Mangani pulagi, kokani. Ikalira kamphindi n'kuzima, ndiye kuti moto ulipo, kompulesheni ilipo, vuto lili pakati pa thanki ndi kabuleta. Ikapanda kutsokomola n'komwe, siyani za mafuta, pitani ku moto ndi kompulesheni. Musathire petulo wopanda oyilo, ndipo musazolowere kuliza makina mwa njira imeneyi mmawa uliwonse; ndi yofufuzira chabe.

Njira ya mafuta, kuyambira m'chigubu

Pano ndikhalitsapo, chifukwa kwathu kuno mavuto ambiri amayambira apa. Petulo wosakaniza ndi oyilo sakhalitsa. Opanga makinawa amalangiza kusakaniza wokwanira masiku ochepa, ndipo asapitirire mwezi umodzi. Mbali ya petulo imene imayaka msanga ndi yomwe imayamba kuuluka, makamaka chigubu chikamakhala padzuwa kapena chitsekero chikakhala chosakhwima. Wotsalayo amanunkha ngati vanishi, amada, ndipo injini yozizira imalephera kumuyatsa. Chainsaw imene yagona nyengo yonse ya dzinja ndi mafuta m'thanki musaikoke n'komwe: khuthulani, thirani atsopano.

Onjezani pamenepo nkhani ya ethanol. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina ili ku Chikwawa. Galimoto imene imayenda tsiku ndi tsiku siidandaula. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa madziwo amapatuka n'kukhala pansi, penipeni pamene fyuluta ya m'thanki imayamwira. Amaumitsanso mphira wakale, wa makina amene anapangidwa opanga asanayambe kuganizira za mafuta otere. Ndiye pali petulo wa m'zigubu, amene tonse timagula mafuta akasowa pa filling station kapena tikakhala kutali m'nkhalango. Simudziwa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji, chigubucho munali chiyani, kapena wina wathiramo palafini. Thirani pang'ono m'botolo loyera loonekera mkati, liikeni pansi mphindi zisanu. Madzi amaoneka okha, kamzere kapena timibulu pansi pa botolo. Sefani ndi kansalu koyera musanathire m'thanki.

Kasakanizidwe nako. Ndi oyilo wabwino wa two-stroke wa injini zozizira ndi mpweya, mlingo wa Stihl ndi Husqvarna ndi 50:1, kutanthauza 20 ml pa lita imodzi, kapena 100 ml pa malita asanu. Mabuku a makina akale amatchula 25:1 pa oyilo wamba, omwe ndi 40 ml pa lita. Gulani jakisoni wa 20 ml ku famase, muziyezera. Kuyeza ndi maso, kapena kunena kuti “petulo wada mokwanira”, n'kumene kumabala mwaye. Oyilo wa injini ya galimoto sayaka bwino m'makina awa, ndipo oyilo wakuda wokhuthula m'galimoto asayandikire thanki ya mafuta. Khutchumulani chigubu nthawi iliyonse musanathire.

Mafuta akakhala abwino, pindani kawaya ngati mbedza, muwedze fyuluta m'thanki. Ikakhala yakuda, yolimba kapena yoterera, sinthani; kuitsuka kumathandiza masiku ochepa chabe. Muli pomwepo, kokani kapaipi pang'ono n'kukapinda pa kuwala. Kapaipi kokalamba kamachita ming'alu pamene kamatulukira m'thanki, kapena kamafewa ngati chingamu n'kumadzitseka kokha injini ikamayamwa. Mng'alu wochepa ngati tsitsi ndi wokwanira kuti kabuleta izikoka mpweya m'malo mwa mafuta. Izi ndi zomwe zimachititsa kuti mmawa mukoke ka 20 mafuta asanafike, pamene masana ikulira kamodzi.

Thanki ilinso ndi kopumira. Kakatsekeka ndi utuchi, makina amalira bwino mphindi zingapo, kenako amafooka ngati akomoka, n'kukana kudzukanso. Masulani chitsekero pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mukamva psii, mpweya ukulowa, kenako makina n'kulira bwinobwino, wolakwa mwamupeza. Ndi kachinthu kotsika mtengo, koma kapititsa makabuleta ambiri abwino kudzala.

Fyuluta ya mpweya ndi yosavuta, koma ocheka matabwa ayenera kuiona tsiku lililonse. Kucheka motsata utali wa mtengo kumatulutsa fumbi losalala ngati ufa, ndipo likakumana ndi utomoni wa paini limamata. Tsukani ndi madzi ofunda a sopo, iume kaye musanabwezeretse, ndipo samalani kuti zinyalala zisagwere kukhosi kwa kabuleta. Pa Stihl zina zakale, monga 026 ndi 038, kachitseko ka choke kali m'fyuluta momwemo. Kakatha kapena sipuling'i yake ikafooka, simatseka mokwanira, ndipo makina amavuta mmawa ngakhale zina zonse zili bwino. Ichotseni fyulutayo, muone ngati kachitsekoko kakugunda bwino.

Mkati mwa kabuleta

Kabuleta ya chainsaw ilibe kabakuli ka mafuta ngati ya njinga yamoto, chifukwa makina ayenera kugwira ntchito chagada, chammbali kapena chozondoka. M'malo mwake ili ndi tizikopa tiwiri topyapyala totchedwa diaphragm. Kamodzi kamapopa mafuta kuchokera m'thanki, ndipo kamakankhidwa ndi kupuma kwa injini yomwe. Kenako kamayeza mafuta, kakutsegula ndi kutseka kasingano. Tizikopati tikakhala tatsopano timakhala tofewa ngati nsalu. Tikakalamba timauma, ndipo mukakagwira kamalira ngati tsamba la chimanga louma. Kotere sikangapope pa liwiro lochepa la chingwe, n'chifukwa chake makina amakana poyamba koma akalira amapitirira.

Musanagule zida zatsopano, werengani dzina ndi nambala zolembedwa pa kabuletayo, kaya ndi Walbro, Zama kapena Tillotson, pakuti makina a mtundu umodzi amatha kukhala ndi makabuleta osiyana. Yalani nsalu yoyera patebulo, jambulani ndi foni sitepe iliyonse. Kumbali yopopa, kachikopa ndi kamene kamagona pa thupi la kabuleta, gasiketi pamwamba pake. Kumbali yoyeza n'zosemphana: gasiketi imayamba, kachikopa pamwamba. Ambiri amasokoneza apa n'kumadabwa kuti zida zatsopano sizikugwira. Muli kasefa kawaya kakang'ono ngati kambewu ka mphodza. Nthawi zambiri mumakapeza katadzaza ndi utuchi wosalala. Kasipuling'i ka pansi pa kalivala ka singano kamadumpha, ndipo kakagwera m'dothi simukapezanso. Musachokoche timabowo ndi waya kapena singano yosokera, mungatikulitse.

Kasingano kakadyeka kunsonga kapena kachitsotso kakakhala pampando pake, mafuta amapitirira kudontha injini itazima. Chizindikiro chake n'chodziwika: mmawa ikulira bwino, koma mukaizimitsa mphindi zisanu kuti munole tcheni, imakana, pulagi n'kutuluka yonyowa chonsecho simunagwire choke.

Moto

Vekani pulagi m'chipewa chake, gunditsani chitsulo chake pa silinda, kutali ndi bowo la pulagi, mukhale pamthunzi, switchi yoyatsa, wina akoke. Mukufuna moto wabuluu, wothetheka. Wofiira, wofooka, kapena wobwera mwa apo ndi apo ndi wokayikitsa. Dziwani kuti moto umadumpha mosavuta panja kusiyana ndi mkati mwa silinda momwe mpweya wapanikizika, choncho moto wofooka panja umatha kuzimiratu mkati.

Moto ukasowa, musathamangire kugula koyilo. Zulani kawaya kakang'ono kochokera ku switchi pa koyilopo, muyesenso. Ukabwera, koyilo ilibe mlandu. Wayayo wasupuka penapake ndipo akugunda chitsulo, kapena switchi yatha. Onaninso m'chipewa cha pulagi, momwe muli kasipuling'i kolasa waya wamkulu: kamasolokoka pamene anthu akuzula chipewa mokoka waya. Mpata wa pakati pa koyilo ndi maginito a flywheel, gudumu lija limazungulira mukakoka chingwe, ndi pafupifupi 0.3 mm. Ikani kakhadi kopyapyala pakatipo, masulani masikulu kuti maginito akoke koyilo, mangani, solorani khadi. Makina akale kwambiri amene ali ndi mapoyinti, tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi a pulagi, pansi pa flywheel amafuna kuti mapoyintiwo akhale oyera, mpata wake pafupifupi 0.4 mm, ndipo kondensa ikatopa moto umafooka.

Koyilo imene ikufa ili ndi khalidwe lake. Imagwira ikazizira, ikatentha imaleka, ikapuma theka la ola imadzukanso. Kuti muigwire muyenera kuyesa moto nthawi yomweyo makina atangozima, asanazizire. Mukadikira kufika kunyumba, mupeza moto uli bwinobwino ndipo mudzanamizira kabuleta.

Pali vuto lina losowa koma losokoneza mutu. Moto ulipo, mafuta alipo, koma chingwe chikukutsomphorani m'manja, kapena makina akuphulika ku ekizozi osalira. Kakiyi kamene kamagwira flywheel pa crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazungulitsa, kakhoza kukhala katameteka, moto n'kumabwera pa nthawi yolakwika. Zimachitika makina akaima mwadzidzidzi ali pa liwiro, kapena nati ya flywheel ikamangidwa mosakhwima.

Kompulesheni ndi ekizozi

Nyamulani makina ndi chogwirira cha chingwe chokha, kavavu kochepetsera kompulesheni kali kotseka. Makina athanzi amalendewera, n'kumatsika pang'onopang'ono, mogwedeza, sitepe ndi sitepe. Akangotsetsereka mpaka pansi, mphamvu yatha. Amene ali ndi geji, injini yabwino imaonetsa cha m'ma 150 psi; ikatsika kufika cha m'ma 120 yatopa, ndipo pansi pa 100 kuliza kwake ndi nkhondo. Injini yotopa imavuta kwambiri ikatentha.

Koma geji yabwino koposa ndi maso anu. Masulani ekizozi, mabawuti ake ndi ochepa, muunike ndi tochi m'bowo uku mukukoka chingwe pang'onopang'ono. Pisitoni yabwino imakhala yosalala, timizere topingasa ta kufakitale tikuonekabe, ndipo maring'i amatakasuka mukawadina ndi kamtengo. Mukaona mikwingwirima yotsika kuchokera pamwamba, ngati yakandidwa ndi mphaka, ndipo ring'i yamatirira mumsewu wake, musavutikenso ndi kabuleta. Pisitoni yapsa. Nthawi zina silinda imapulumuka, chifukwa zimene zimaoneka ngati mikwingwirima m'kati mwake zimakhala zotsalira za pisitoni zomwe zamata ndipo zimachoka. Koma musamange pisitoni yatsopano musanadziwe chimene chinapsereza yakaleyo, apo ayi nayonso ipsa.

Ekizozi ili m'manja, ioneni mkati. Mwaye wa oyilo wochuluka umatseka bowo lotulukira utsi, ndiponso kasefa kawaya kotchinga nthetche pa makina amene ali nako. Injini yosatulutsa utsi siingakoke mafuta atsopano: imalira mobanika, throttle siikwera. Palani mwayewo ndi kamtengo, pisitoni itatseka bowo kuti zinyenyeswa zisagwere mkati. Makina amene akhala nthawi yaitali m'shedi muwaonenso ngati mavu aja omanga ndi dothi sanamangemo nyumba.

Mpweya wolowera pakhomo lolakwika

Vuto ili ndi limene limandipweteka mtima, chifukwa limapha makina abwino mwakachetechete. Injini ya two-stroke imayamwa mafuta kudzera m'chipinda cha crankshaft, ndipo chipindacho chiyenera kukhala chotsekeka ndithu. Chimatsekedwa ndi ma seal awiri a mphira, ina kumbali ya flywheel ina kumbali ya kilatchi, gasiketi ya pansi pa silinda, khosi lolumikiza kabuleta ndi silinda, komanso, pa makina ambiri, kapaipi kopititsa kupuma kwa injini ku kabuleta. Pa makina a zaka 20 kapena 30 mphira yense ameneyu watopa. Pakang'ambika, mpweya umalowa osadzera m'kabuleta, mafuta n'kuchepa, ndipo oyilo wofewetsa pisitoni amachepa nawo limodzi chifukwa amayendera m'mafuta momwemo.

Alamu anga ankacheka paini ku Chikangawa ndi Husqvarna 61 imene inawalerera ana. Tsiku lina anabwera nayo itakulungidwa m'thumba la feteleza, n'kuikhazika pakhonde mosamala ngati wodwala.

“Alamu, tandionerani. Yangozima ili mkati mwa chipika, chingwe chikungobwera chopepuka.”

“Inayamba liti kuvuta?”

“Mwezi wathawu. Mmawa imafuna kukoka kambiri, ndipo ikalira tcheni chimangozungulira chokha ndisanagwire throttle. Mnyamata wina kumsasa anaitsegulira sikulu, n'kuyamba kulira bwino.”

Titamasula ekizozi, pisitoni inali yokandika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Seal ya kumbali ya kilatchi inali itauma, mlomo wake utang'ambika. Mnyamata uja sanachite mwa nkhanza, anaona makina akufuna mafuta n'kuwapatsa. Koma sikulu ya L ya pa kabuleta, imene anatsegulayo, imangothandiza pa liwiro lotsika. Makina ali pa liwiro lonse mkati mwa chipika ankagwirabe ntchito ndi njala, akutentha, mpaka chitsulo chinasungunuka. Seal ya mtengo wochepa inawadyera pisitoni, maring'i, ndi masabata atatu opanda ntchito nyengo yocheka ili pachimake. Alamu anakhala chete nthawi yaitali, akusisita silinda ija ndi chala.

Zizindikiro zake zisungeni pamtima. Makina akungolira mokwera okha, tcheni chikuyenda musanafinye throttle. Mukasiya throttle, liwiro likuchedwa kutsika. Mukawapendeketsa chammbali, kulira kukusintha kapena akuzima. Mukapotokola sikulu ya L, sakumvera, kapena lero ali bwino mawa asintha. Akucheka mwaukali wachilendo, kulira kwake kuli kosongoka, kenako n'kufooka pakati pa chipika. Mukaona ziwiri mwa izi, zimitsani. Njira yotsimikizira ndi kutseka ku kabuleta ndi ku ekizozi ndi zidutswa za chubu, kupopera mpweya pafupifupi 0.5 bar, n'kuona ngati geji ikuima. Madzi a sopo amaonetsa thovu pamene pakutuluka. Kenako amayesanso mokoka mpweya, chifukwa seal ina imagwira poipopera koma n'kutsegula poyamwa. Ngati mulibe kapampu kotere, apa ndi pamene ndalama yopatsa makaniki wodziwa makina ang'onoang'ono imakhala yogwira ntchito.

Tsopano timasikulu tija

Mafuta ali atsopano, mafyuluta ali oyera, pulagi ili bwino, tizikopa tili tofewa, mpweya sukuba polowera: apa mukhoza kutulutsa kasikuludilaiva. Timasikulu tilipo titatu. L ndi ya mafuta a liwiro lotsika, ndipo ndiyo imakhudza kalizidwe. H ndi ya mafuta a liwiro lonse. Yachitatu, yolembedwa LA pa Stihl ndi T pa Husqvarna, siikhudza mafuta, imangokweza kapena kutsitsa liwiro makina akangokhala. Kumanga L kapena H kumachepetsa mafuta, kumasula kumawonjezera. Ngati wina anasokoneza kale, mangani mofatsa mpaka igunde, osakanikiza chifukwa nsonga yake imaphwanya mpando, kenako bwezani kuzungulira kumodzi. Pa makina ambiri akale opanda tizipewa totchinga, apa ndi poyambira pabwino, ndipo ena analemba mlingo wake pa chivundikiro.

Tenthetsani injini mphindi zingapo. Mangani L pang'onopang'ono mpaka liwiro likwere n'kuyamba kufooka, bwezani mpaka liyambe kulemera, muime pakati koma mopendekera kumbali ya mafuta ambiri. Finyani throttle mwadzidzidzi: ikazengereza kapena kufuna kuzima, masulani L pang'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira. Kenako sinthani LA kapena T mpaka tcheni chiime koma injini isazime, zomwe pa makina ambiri zimagwera pakati pa 2,500 ndi 2,800 pa mphindi. H ndiyo yofuna khutu. Pa throttle yonse makina asanalowe mumtengo, kulira kukhale kwa chibwibwi pang'ono, brrr, ndipo kuyere akangoluma mtengo. Akamalira mosalala ndi mokuwa ali panja, mafuta achepa, masulani msanga. Musawasiye akukuwa panja kupitirira masekondi ochepa.

Kumbukirani malo amene mukuchunira. Kumapiri monga Chikangawa, Dedza kapena pamwamba pa Zomba mpweya ndi wopepuka, choncho makina ochunidwa kunyanja amakhala ngati akulandira mafuta ochuluka, amafuka utsi ndi kudetsa pulagi. Choopsa ndi ulendo wobwerera. Makina amene munawamanga H kuphiri mukatsika nawo ku Salima kapena ku Chikwawa amakhala ndi njala ya mafuta, ndipo muyenera kuwamasulira musanayambe kucheka. Mmawa wa mu June ndi July kumapiriko, kukoka kowonjezera kawiri kapena katatu choke ili yotseka si matenda.

Nyengo yocheka ikatha, kapena mukadziwa kuti makina akhala kupitirira mwezi, khuthulani thanki, lizani injini pa liwiro lotsika mpaka izime yokha kuti m'kabuleta musatsale kanthu. Masulani pulagi, donthezani oyilo wa two-stroke pang'ono m'silinda, kokani chingwe kawiri mofatsa, bwezani pulagi. Asungeni pouma, pamwamba, osati pa simenti ya chinyezi, ndipo tsekani kukamwa kwa ekizozi ndi kansanza kamene mudzakumbukire kuchotsa.